Achemwali, mayi sakuchita mwano

Achemwali, ndawerenga za mayi anu aku Khombedza: ali ndi shuga ndi BP, chimwalirire bambo sakudya bwino, sakufuna kumwa mankhwala, akungodzitsekera m'nyumba, ndipo mukawakalipira akumati "ndisiyeni, ndatopa." Mukufunsa kuti muwaphunzitse bwanji kudzisamalira. Ine ndinadwazika bambo anga kwathu ku Lifuwu pa matenda omwewa, ndiye ndiloleni ndilankhulepo.

Kukalipako siyani kaye. Munthu amene mtima wake wafooka ndi maganizo saphunzitsika, ngakhale mumuuze kakhumi. Ngati patha milungu yoposa iwiri mayi sakugona bwino, nsima akungoigwira n'kuisiya, kumpingo kapena kumzikiti asiya kupita, zidzukulu sizikuwasangalatsanso, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Amayenda limodzi ndi shuga: maganizo akachuluka munthu amasiya mankhwala, shuga imakwera, thupi limalefuka, maganizo n'kuwonjezekanso.

Mukapita ku kliniki ya shuga ndi BP, musangoyezetsa n'kulandira mapiritsi. Muwauze adokotala zonse, ngakhale mawu aja akuti "ndatopa." Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo, ndiye musaope kuti mayi awatumiza kuchipatala cha amisala ku Zomba. Akapatsidwa mankhwala a maganizo ngati fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti pamatenga milungu ingapo kuti kusintha kuoneke, ndipo amitriptyline amatha kuchititsa chizungulire achikulire, ndiye usiku muziwaperekeza kuchimbudzi. Ndipo chonde, mankhwala a makoswe ndi othira m'chimanga achotseni m'nyumbamo lero lomwe. Muwafunsenso mayi mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuwapatsa maganizowo.

Tsopano za kuphunzitsa. Ine ndinkalakwitsa pofuna kunena zonse tsiku limodzi: mchere, sobo, kuyenda, mapazi, mapiritsi. Bambo ankangoyang'ana kunyanja, osayankha. Zinayamba kuyenda nditasankha chinthu chimodzi chokha, piritsi la m'mawa. Ndinajambula dzuwa pa kajumbo ka mankhwala a m'mawa, mwezi pa ka madzulo, n'kuika tonse m'chitini pafupi ndi wailesi yawo. Akatha phala, piritsi. Kenako ndinkati, "Bambo, tandikumbutsani, ka dzuwa aka timamwa nthawi yanji?" Akandifotokozera okha ndinkadziwa kuti zalowa, ndipo iwo ankamva kuti akadali mwini wake wa thupi lawo. Patapita sabata tinawonjezera china. Mdzukulu wawo wa sitandade 6 ndiye ankachonga pa kalendala, ndipo kwa iyeyu sankakana ngati mmene ankakanira kwa ine.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi kusadyako. Onani m'buku lawo la kuchipatala. Ngati akumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin koma osadya, shuga imatha kutsika kwambiri: thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosokonekera, mwina kukomoka. Akadali maso, apatseni madzi osungunuliramo shuga kenako chakudya. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo kuchipatala. Ngati amasala pa Ramadani, mufunse adokotala mwezi usanayambe.

Za zakudya sindichulutsa. Nsima musawaletse, muchepetseko mitanda n'kuchulutsa masamba. Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo. Tiyi wopanda shuga azolowere pang'onopang'ono. Ndipo mbale yawo musaipatule, idyani nawo pamkeka umodzi, chifukwa kudya wekha kumathetsa chilakolako cha chakudya. Posamba muziwaona mapazi, pakati pa zala, poti wa shuga amatha kuponda munga osamva.

Pali china chimene kwathu kuno sitikonda kuchinena. Gogo akayamba kuiwala, kulankhula yekha kapena kutuluka usiku, anthu amathamangira kunena kuti ndi mfiti, ndipo achikulire ena aphedwa chifukwa cha zimenezi. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la 1911. Mayi akayamba kusochera kapena kuiwala mayina a ana awo, kanenani kuchipatala, ndipo afumu ndi anansi muwauze msanga kuti ndi matenda.

Musasenze nokha. Alongo anu agawane masiku a kliniki ndi ndalama ya kabaza, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo adziwe, ndipo pemphani mnzawo mmodzi wa mayi azibwera masana kudzasenda nawo mtedza pakhonde. Bambo anga anatuluka m'nyumba koyamba tsiku lomwe mnzawo wakale anabwera ndi ukonde wong'ambika, n'kuwapempha kuti amuthandize kusoka.