Kodi mapiritsi opanda mankhwala pa kafukufuku si chinyengo?

Funso: Akonzi, ndamva kuti poyesa mankhwala atsopano odwala ena amapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala m'kati mwake. Kodi kumeneku si kunamiza anthu omwe akuvutika kale?

Yankho: Nkhawa yanu ndi yomveka ndithu. Mapiritsi otere, omwe madokotala amawatchula kuti placebo, amaoneka ngati enieniwo, ndipo amafunika chifukwa odwala ambiri amapeza bwino paokha, ena chifukwa chongokhulupirira kuti athandizidwa. Choncho ofufuza amagawa odwala m'magulu awiri mwa maere, kawirikawiri wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa amene walandira chiyani, kuti kusiyana kwa zotsatira kuonetse mphamvu yeniyeni ya mankhwalawo. Kugawa mwa maereku kunatchuka ndi kafukufuku wa mankhwala otchedwa streptomycin pa chifuwa chachikulu ku Britain, yemwe zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1948.

Si chinyengo ngati wodwala wafotokozeredwa zonsezi asanasaine chikalata chovomereza, ndiponso wauzidwa kuti angathe kusiya tsiku lililonse osataya chithandizo chake. Chikalata cha Helsinki, chomwe chimapereka mfundo zoyenera kutsatira pochita kafukufuku wa zaumoyo pa anthu, cholembedwa koyamba mu 1964, chimanenanso kuti pamene mankhwala othandiza alipo kale, atsopanowo ayerekezedwe ndi amenewo, kupatula pa zifukwa zomveka zosaika wodwala pa chiopsezo chachikulu.