Achimwene aku Nkhotakota, kagalimoto ka m'bokosi kaja musakathamangire

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Nkhotakota, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Nkhani yawo ndi iyi: malemu bambo awo anali ndi kabaki ka Datsun komwe ankanyamulira mpunga ndi usipa kupita nazo ku Kasungu, msewu uja wodutsa m'nkhalango ya nyama. Galimotoyo inagulitsidwa kalekale. Ndiye mng'ono wawo amene ali ku Johannesburg wawatumizira bokosi la kagalimoto kakang'ono kolumikiza wekha ka kampani ya Hasegawa, Nissan Sunny Truck ya 1/24, iwo kutsegula apeza tizidutswa ta pulasitiki tokhatokha tolumikizana pa timafelemu, kuphatikiza pepala la malangizo lodzaza zithunzi ndi Chijapani. Funso lawo ndi loti ayambire pati, komanso ngati supagulu wa pa golosale ndi penti wotsala wa mawindo zingathandize.

Achimwene, choyamba mng'ono wanuyo mumuthokoze, anasankha bwino kwabasi. Sunny Truck ija ndi galimoto yomweyo imene kuno tinkaidziwa kuti Datsun 1200, kenako Nissan 1400, ndipo ku South Africa anapitiriza kuipanga mpaka 2008 pomwe kwawo ku Japan anali ataisiya kale. Ndi chifukwa chake mpaka lero mumakumana nayo ikunyamula makala kapena simenti. Chiwongolero chili kumanja ngati zathuzi poti ku Japan nako amayenda kumanzere kwa msewu, ndiye ikatha izioneka ngati ya kwathu ndithu. Nambala ya 1/24 ikutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 24, galimoto yotalika mamita 4 imatuluka pafupifupi masentimita 17, yokwana pachikhatho bwinobwino. Makampani aku Japan monga Tamiya, Hasegawa, Aoshima ndi Fujimi amakonda 1/24, pomwe aku America monga AMT amakonda 1/25, kusiyana kwake ndi kochepa moti mutaziika pa shelefu imodzi mlendo sangazindikire.

Tsopano za supagulu. Ayi ndithu, musiyeni kaye. Pulasitiki wa timagalimoto iti amatchedwa polystyrene ndipo guluu wake weniweni samata ngati mmene timamatira nsapato, amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zikauma zikhale chinthu chimodzi, ngati kuwotcherera zitsulo. Wodziwika ndi Tamiya Extra Thin Cement kapena Revell Contacta, kabotolo kamodzi kamatha magalimoto angapo chifukwa mumangokhudza ndi nsonga ya kaburashi, iye n'kuyenda yekha mumng'aluwo. Auzeni a ku Johannesburg aja akutumizireni, ndipo afunse kaye amabasi kapena wobwera nazo ngati amalola, poti ndi zinthu zosachedwa kuyaka. Supagulu amagwira, sindikukana, koma amauma musanawongole chidutswacho komanso nthunzi yake imayeretsa magalasi. Ine kagalimoto kanga koyamba kanali ka Volkswagen Beetle, ndinamata galasi lakutsogolo ndi supagulu usiku, m'mawa kudzuka lonse lachita mbuu ngati lathiridwa ufa, ndipo mtima unandipweteka zedi chifukwa ndinali nditakakhalira masabata atatu. Magalasi ndi nyali muzimata ndi guluu woyera wa akalipentala uja, kadontho kakang'ono pa nsonga ya chotokosera m'mano, akauma saoneka.

Zida zina musavutike nazo, zambiri zili kale m'nyumba kapena pamsika. Chowengera zikhadabo chimadula bwino tizidutswa kuchoka pa felemu, bola osathyola ndi manja chifukwa mumasiya chipsera choyera kapena kuthyola chidutswacho. Dulani patali pang'ono kenako musalaze ndi kafelo ka zikhadabo ka ku saluni kaja. Lezala yatsopano, sandipepa wosalala wa nambala 600 mpaka 1000 amene amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, tepi ya pepala, timapegi ta zovala togwirira, basi. Ndipo musadule tizidutswa tonse nthawi imodzi, manambala ake ali pa felemu osati pa chidutswa, mukazichotsa zonse simudziwanso kuti B12 ndi iti. Chijapani chija chisakuopseni, zithunzi ndi manambala ndi zimene zimakutsogolerani. Musanamate chilichonse yesani kaye kulumikiza chouma muone ngati zikukhalana. Tizidutswa tonyezimira ta chrome, mabampa ndi zina, palani ndi lezala pamalo pokhudza guluu pokha, apo ayi sizigwira.

Koma nkhani yaikulu, imene yandipangitsa kulemba zambiri chonchi, ndi penti. Kumata aliyense amatha, chimene chimakongoletsa kapena kuwononga kagalimoto ndi penti, ndipo ife a kunyanja kuno tili ndi mavuto athuathu amene mavidiyo a pa YouTube aja sanena chifukwa owajambula amakhala kozizira.

Penti wa mawindo uja ndi wolemera kwambiri, amakwirira timizere ta zitseko ndi tizilembo ta kumbuyo, ndipo amatenga masiku ambiri akunata. Penti wopopera wa m'zitini wa ku hadiweya angathe kugwira ntchito koma ena mankhwala ake ndi aukali, amadya pulasitiki n'kuchita makwinya ngati khungu la ng'ona. Ndiye chitani izi: gulani masipuni oyera apulasitiki aja a pa ukwati, ambiri amakhala a mtundu womwewo wa pulasitiki, yeserani pamenepo. Poperani primer kaye, penti woyambira wotuwa uja, kenako mtundu wanu, mudikire masiku awiri muone. Sipuni ikawonongeka mwataya sipuni, osati galimoto ya bambo anu. Ine ndimati muwononge masipuni khumi musanakhudze bodi, mpaka dzanja lizolowere kuyamba kupopera kunja kwa chinthucho, kudutsa mofulumira pa mtunda wa masentimita 20 kapena 25, n'kukasiyira kunja kwinako. Kawiri katatu mopepuka, pakati pake mukudikira mphindi 15, osafuna kuti zitheke ulendo umodzi chifukwa penti amayenderera n'kupanga misozi. Musanayambe tsukani bodiyo ndi sopo wa mbale ndi madzi ofunda pang'ono, pamakhala timafuta ta ku fakitale ndi ta m'manja mwanu, iume yokha pamthunzi. Thina ndi mankhwala ochotsera kyuteksi musayerekeze kupukutira bodi, zimasungunula.

Nyengo tsopano. Kuno ku Salima mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kwake mukukudziwa, ndipo kwanu ku Nkhotakota n'chimodzimodzi. Masana penti amauma ali m'malere asanafike pa galimoto, ndiye imatuluka yokhakhala ngati sandipepa. Bodi yokha mukaisiya pawindo kapena pafupi ndi malata imatha kupindika ndipo siibwereranso. Nthawi ya dzinja chinyezi chikachuluka penti wonyezimira amachita chifunga choyera pamwamba. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kumazizira bwino koma ndi nthawi ya mwera, fumbi ndi mchenga zili ponseponse. Ine ndinapeza kuti nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa litangotuluka, mphepo isanayambe komanso ana asanayambe kusesa pabwalo, ndimawaza madzi pansi kaye kuti fumbi ligone. Ndipo inu a ku Nkhotakota muli ndi mdani wina, nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija. Mukaona utsi uja wayima panyanja tsiku limenelo chitini musachigwire n'komwe, kamodzi kokha katera pa penti wosauma ndiye kuti mudikira aume, mupale ndi sandipepa, muyambirenso. Mukangomaliza kupopera vindikirani ndi beseni loyera kapena katoni, mutsamiritse pa timiyala kuti mpweya uzilowa pang'ono, ndipo musakhudze kwa sabata yathunthu ngakhale chala chikuyabwa bwanji. Penti amaoneka wouma pamwamba koma mkati akadali wofewa, chidindo cha chala chimatsala.

Chonde popera panja, osati m'chipinda chogona ana, ndipo magetsi akazima musapitirize ndi kandulo kapena pafupi ndi mbaula, guluu ndi penti zonsezi moto sizichedwa nawo.

Zam'kati monga mipando, chiwongolero ndi pansi pa galimoto pentani ndi burashi, penti wa akiriliki wosungunula ndi madzi, wopyapyala, kawiri. Zikalakwika si mapeto a dziko ayi, penti wambiri amachoka mukaviika bodi mu mafuta a mabuleki, ngakhale osaisiyamo masiku ambiri poti pulasitiki amatha kufooka. Galasi likakandika pang'ono, mankhwala otsukira mano pa kansalu kofewa amalibwezeretsa.

Timasitika ta m'bokosimo tija ta pa pepala labuluu si tomata ngati ta pa foni. Mumadula kamodzikamodzi, kuviika m'madzi ofunda masekondi ochepa, kuika pambali kuti kamasuke kenako kukatsetsereza kuchoka pa pepala kupita pamalo pake, n'kupsinja madziwo ndi kathonje. Timagwira bwino pa penti wonyezimira, pa wosanyezimira mpweya umatsalira pansi n'kumaoneka ngati siliva m'mbali.

Pali chinthu china chimene ndikufuna ndikuuzeni ngati m'bale. Bokosi ili si wamba kwa inu, ndi la chikumbutso, ndipo dzanja loyamba limalakwitsa, palibe amene anazemba. Ngati mng'ono wanu angakwanitse, atumize kena kotchipa muyambire pamenepo, kaya Mini Cooper ya Tamiya, yochokera ku Mini ija Alec Issigonis anakonza n'kutuluka mu 1959, kaya Beetle ya 1966 ya kampani yomweyo, tizidutswa take timakhalana bwino osalimbana nato. Ngati sizitheka, poti ndalama ndi yovuta ndipo mashopu a zinthuzi kuno kwathu ine sindinawaonepo, ndiye masipuni aja ndi timafelemu totsala tikhale sukulu yanu. Pa timafelemu mungaphunzirepo kudula, kumata ndi kusalaza popanda kutaya kanthu.

Mu imelo muja munati mukuopa chifukwa simunapangepo zoterezi, koma munatchulanso kuti muli mwana munkapanga magalimoto a mawaya. Achimwene, ndiye mwayamba kale. Ife tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kupinda waya ndi mwala, matayala kudula ku patapata wakutha, nyali zitsekerero za Fanta, ndipo mwana ankatha kuona lole ikudutsa pa Kamuzu Road kamodzi kokha madzulo n'kuitulutsa yofanana mpaka masipuling'i akugwira ntchito. Palibe amene anatipatsa pepala la malangizo. Diso loona kuti apa patalika, apa papendama, muli nalo, chimene chasintha ndi chakuti pulasitiki sakhululuka ngati waya amene ukapinda molakwika umangowongola. Ngakhale makampani akuluwa anayamba ndi zina, Tamiya inayamba mu 1946 ku Shizuoka ngati bizinesi ya matabwa ndipo zoseweretsa zake zoyamba zinali zamitengo, Airfix ya ku England nayo chinthu chake choyamba cha mtunduwu chinali thirakitala ya Ferguson mu 1949.

Ndipo musakakamizike kuti ifanane ndi chithunzi cha pa bokosi. Cha pa bokosicho ndi galimoto yatsopano ya ku Japan, inu mukufuna ya bambo anu. Funsani amayi kapena amalume kuti inali ya mtundu wanji kwenikweni, anthu amakumbukira mosiyana, ndipo ngati pali chithunzi chakale m'chikwama chifufuzeni. Kodi kumbuyo anawotcherera zitsulo zotchingira katundu? Waya wopyapyala wa kopa wa m'mawaya a magetsi amapanga zimenezo bwino, apa ndiye supagulu uja ali ndi ntchito poti guluu wa pulasitiki sagwira chitsulo. Matumba a mpunga sokani ndi kansalu koyera kakale muikemo mchenga wa kunyanja, thumba lililonse lisapose masentimita 4. Fumbi la m'matayala palani choko chofiirira kapena dothi louma losefa, mupake ndi burashi youma pang'onopang'ono. Nambala ya galimoto ngati mukuikumbukira lembani pa kompyuta, akusindikizireni pa tawuni tizilembo tating'onoting'ono, mudule ndi lezala mumate ndi guluu woyera.

Mukatsuka bodi ndi kuyesa masipuni oyamba munditumizire chithunzi pa imelo yomweyi, ndione mmene primer wagonera musanathire mtundu.