Kuyamba nyimbo ndi zithunzi za Commodore 64 ndi Amiga muli ndi laputopu yakale yokha

Achimwene, mwafunsa ngati pakufunika kugula Commodore 64 yeniyeni kuti mupange nyimbo ndi zithunzi ngati za mu demo munaona ija, ngati laputopu yanu yakale ingakwanitse, ndiponso ngati munthu wosadziwa kulemba mapulogalamu angalowemo. Makinawo musagule panopa, laputopuyo ikwanitsa bwinobwino, ndipo mapulogalamu si khomo lokhalo lolowera.

Commodore 64, imene mwachidule amati C64, ndi kompyuta imene inatuluka mu 1982 ili ndi memori ya 64 KB, purosesa yake ikuthamanga pafupifupi 1 MHz. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanu sichingakwanemo. Ndiye laputopu iliyonse yoyaka imatha kuyendetsa VICE, pulogalamu yaulere yotsanzira makinawo. Bandulo nayo sivuta, chifukwa nyimbo ya C64 imangokhala ma KB ochepa.

Chimene munaonacho sichinali vidiyo poyambirira. Demo ndi pulogalamu, ndipo makinawo amawerengera kadontho kalikonse ndi kamawu kalikonse nthawi yomweyo mukuonera. Zinayamba m'ma 1980 ku Ulaya, pamene anyamata othyola chitetezo cha magemu ankaika dzina la gulu lawo kutsogolo kwa gemu, ndi kanyimbo ndi mawu oyenda pa sikirini. Kenako timawonetsero timeneti tinaposa magemuwo kukoma, anthu n'kuyamba kutipanga patokha. Kuchokera nthawi imeneyo gulu limakhala ndi wolemba code, woimba, ndi wojambula, aliyense ntchito yake. Inu mukhoza kukhala woimba kapena wojambula moyo wanu wonse osalembapo mzere umodzi wa assembly, chinenero cholembera mapulogalamu a makinawa, ndipo palibe angakuchepetseni.

Pa nyimbo, ine ndingakulangizeni kuyambira pa Amiga, kompyuta ina ya Commodore, ngakhale chinakukokani ndi C64. Amiga 500 ya 1987 ili ndi chip yotchedwa Paula, imene imaimba timawu tojambulidwa kale, ma sample, m'matchanelo anayi. Chaka chomwecho Karsten Obarski anatulutsa Ultimate Soundtracker, ndipo ma tracker onse, mapulogalamu olembera nyimbo ngati ProTracker ndi anzake, anachokera pamenepo. Tsitsani pt2-clone, imene ndi ProTracker yoyenda pa Windows, Linux ndi Mac popanda kufuna emulator, pulogalamu yotsanzira makina ngati VICE ija. MilkyTracker nayo ndi yabwino.

Mukaitsegula musachite mantha ndi manambala. Nyimbo imayenda kuchokera pamwamba kutsika pansi, mizere 64 pa pattern (tsamba limodzi la nyimbo) iliyonse, ndipo tchanelo chilichonse chili ndi danga lake. Mukalemba C-2 01 037, mwauza makinawo kuti aimbe noti ya C pogwiritsa ntchito sample yoyamba, ndipo 037 uja akuti asinthesinthe mwachangu pakati pa C, noti yokwera masitepe atatu, ndi yokwera asanu ndi awiri. Kusinthako kumachitika ka 50 pa sekondi, ndiye khutu limamva chord yathunthu yonjenjemera pamene tchanelo chagwiritsidwa ntchito ndi chimodzi chokha. Mukasintha kukhala 047 chord ija imasanduka ya major. Kamvekedwe kophulikaphulika kamene anthu amazindikira nako nyimbo za makina akale kanabadwa chonchi, chifukwa chosowa matchanelo. Chinanso: koperani nyimbo yotsogolera kuika m'tchanelo china, muitsitse mizere itatu, muikepo C20 kuti voliyumu ikhale theka, mumva echo popanda chipangizo cha echo. Muzikumbukiranso kuti Paula imatumiza tchanelo 1 ndi 4 kumanzere, 2 ndi 3 kumanja, kopanda chapakati. Mukaunjika ng'oma ndi besi mbali imodzi, womvera pa mahedifoni adzatopa msanga.

Ngati mukufuna kugunda kwa patatupatatu ngati kwa ng'oma zambiri zakwathu, mizere 64 sigawika bwino. Ikani D00 pa mzere wa nambala 47, pattern idzathera pomwepo n'kukhala ya mizere 48, ndipo zonse zikhala m'malo mwake. Ndingakonde kwambiri kumva wina akuyesa zimenezi ndi ng'oma yojambula yekha pa foni.

Chimene ndimakondera MOD, mtundu wa fayilo imene ma tracker amenewa amasungiramo nyimbo, kuposa china chilichonse n'chakuti fayilo yake sibisa kanthu. Mukatsitsa nyimbo pa The Mod Archive n'kuitsegula mu tracker, mumaona noti iliyonse, sample iliyonse, nzeru iliyonse imene mwini wake anagwiritsa ntchito. Mukhoza kutseka matchanelo atatu n'kumvetsera limodzi lokha mpaka mutamvetsa. Anthu ambiri a mu scene, gulu lonse la anthu opanga ma demo, anaphunzira chonchi, ndipo inunso sabata zoyambirira muzithere pamenepo musanapange yanu.

Mukazolowera, pitani ku SID, chip ya nyimbo ya C64, imene Bob Yannes anaipanga. Kumeneko ma sample si njira yeniyeni, chip imapanga yokha mawu. Ili ndi mawu atatu basi, ndipo aliwonse mumasankha kamvekedwe kake pakati pa triangle, sawtooth, pulse ndi noise, kuphatikiza filter (chosefera mawu) imodzi yoti onse agawane. Zili ngati kwaya ya anthu atatu imene ikufunika kumveka ngati khumi: woimba besi ndi yemwenso akuomba ng'oma pamipata imene besi yapuma. Ng'oma ya snare mumaimanga nokha m'tebulo la malangizo la mu tracker, kamphindi koyamba noise, kotsatira pulse yotsika msanga. Oimba ngati Rob Hubbard, Martin Galway ndi Jeroen Tel anatchuka chifukwa cha luso limeneli, ndipo ntchito zawo zili mu High Voltage SID Collection pamodzi ndi nyimbo zina masauzande ambiri. Pulogalamu yoyambira ndi GoatTracker, kapena SID-Wizard imene imayenda mkati mwa C64 momwemo. Dziwani kuti SID ilipo ya mitundu iwiri, 6581 yakale ndi 8580 yatsopano, ndipo filter yake simveka mofanana. Sankhani imodzi poyamba pomwe, ndipo potulutsa nyimbo mulembe kuti ndi ya iti.

Ku zithunzi nkhani ndi yomweyo, malire ndiwo amaphunzitsa dzanja. C64 ili ndi mitundu 16 yokhazikika, simungasakanize wanu. Mu njira yojambulira yotchedwa multicolor, sikirini ndi madontho 160 m'lifupi ndi 200 kutsika, dontho lililonse lotambalala kawiri, ndipo kabokosi kalikonse ka madontho 4 kwa 8 kamalola mitundu itatu yakeyake kuphatikiza umodzi wa kumbuyo wogawana chithunzi chonse. Tiyerekeze mukujambula diso. Mwaika woyera, wabulauni ndi wotuwa, kumbuyo kuli kwakuda, kenako mukufuna kadontho kabuluu. Kabokosiko kadzadza. Muyenera kusuntha diso lonse pang'ono kuti buluuyo agwere m'kabokosi koyandikana, kapena kusiya mtundu umodzi. Wojambula waluso amaganizira mabokosiwa asanayambe n'komwe. Mithunzi amaipanga posanjikiza madontho a mitundu iwiri motsatizana kuti diso liisakanize lokha. Multipaint ndi yaulere ndipo imakukanizani yokha mukadutsa malire, choncho mumaphunzira malamulowo mukujambula. Imadziwanso ZX Spectrum, kompyuta ina ya nthawi yomweyo, kumene kabokosi ka 8 kwa 8 kamalola mitundu iwiri yokha. Pa Amiga mpweya ulipo: mitundu 32 yosankha pa 4096, ndipo GrafX2 imagwira ntchito mofanana ndi Deluxe Paint imene ojambula a nthawi ija ankagwiritsa ntchito. Ngati zonsezi zikuoneka zambiri, yambani ndi PETSCII, kujambula ndi zilembo ndi zizindikiro za pa kiyibodi ya C64 pa sikirini ya 40 kwa 25.

Apa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musatenge chithunzi cha pa intaneti, kuchidutsitsa m'pulogalamu yosinthira ku mitundu 16, n'kunena kuti mwajambula. Anthu a mu scene amazindikira msanga, chifukwa makina amamwaza madontho mosaganiza pamene munthu amaika lililonse ndi cholinga. Mipikisano yambiri imafuna kuti mutumizenso magawo osonyeza mmene chithunzicho chinakulira. Ndiye zolowerani kusunga fayilo yatsopano nthawi ndi nthawi mukamajambula. Kalogo kakang'ono kopotoka koma kanu kamalandiridwa bwino kuposa nkhope yokongola yongotembenuza.

Za code, lawani pang'ono kuti mumvetse zimene mnzanu wolemba mapulogalamu adzakhale akulimbana nazo. Tsegulani VICE, lembani POKE 53280,0 n'kudina Return, muona mphepete mwa sikirini mwada. Nambala ija ndi malo a memori osunga mtundu wa m'mphepete. Sikirini imajambulidwa mzere ndi mzere, ka 50 pa sekondi pa makina a PAL, a ku Ulaya, ndipo pa mzere uliwonse purosesa ili ndi ma cycle (timasitepe tantchito) 63 okha. Wolemba assembly akasintha mtundu uja pa mzere uliwonse panthawi yake yeniyeni, pamatuluka mizere yamitundumitundu imene munaiona ikuvina mu demo. Ndi nzeru yomweyo amatenga ma sprite (tizithunzi toyenda) 8 amene makinawo ali nawo, n'kuwagwiritsanso ntchito m'munsi mwa sikirini kuti aoneke ambirimbiri. N'chifukwa chake adzakufunsani kuti nyimbo yanu ikudya nthawi yochuluka bwanji pa frame iliyonse (ulendo umodzi wojambula sikirini yonse), chifukwa imene mwadya inuyo iye waisowa.

Anthu a mu scene alipo ndithu ndipo akupangabe zatsopano, amakumana m'maphwando a mipikisano. Phwando lotchedwa Assembly limachitika ku Finland kuyambira 1992, Revision ku Saarbrücken ku Germany nthawi ya Pasaka kuyambira 2011, ndipo X ku Netherlands ndi ya C64 makamaka. Finland inaika demoscene, scene ya ma demo yomweyi, pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lawo mu 2020, Germany mu 2021. Maphwando ambiri otere amalandira ntchito zotumiza pa intaneti, choncho mtunda usakufooketseni, ingowerengani malamulo a mpikisano uliwonse. Zotulutsa za C64 zimasungidwa pa webusaiti ya CSDb, zina zonse pa Pouët ndi Demozoo.

Sabata ino tsitsani pt2-clone, tsegulani nyimbo zingapo za anthu ena, kenako pangani ma pattern anayi anu. Mukamaliza ikani muno fayilo ya MOD yeniyeniyo, osati MP3, kuti ndiitsegule ndione mmene mwagawira matchanelo.