Munthu aoneke pachinsalu ngakhale alibe nkhope

Wowerenga wina watilembera pa imelo kuti: "Ndikufuna kujambula anthu ndi zigamba za utoto monga ankachitira Nicolas de Staël, koma mitundu ikusanduka matope, ukauma ukung'aluka. Ndikulakwitsa pati?"

Zikomo pofunsa. Pa 26 Malichi 1952 de Staël, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anakaonera mpira usiku pa bwalo la Parc des Princes ku Paris, France ikusewera ndi Sweden. Nthawi imeneyo ankadziwika ndi zithunzi zosafanizira chinthu chilichonse. Atachoka kumeneko anajambula osewerawo kambirimbiri, mpaka pachinsalu cha mamita 3.5 m'litali ndi 2 m'lifupi. Nkhope mulibe, zala mulibe. Chimene chimakuuzani kuti uyu akuthamanga ndi kupendekeka kwa chigamba choyera pamdima. Ambiri amaphonya pamenepa: amajambula munthu yense bwinobwino kenako n'kumufufuta. Ayi, munthuyo mumumange ndi zigamba kuyambira pachiyambi.

Yang'anani amene mukumujambulayo mutatsinzina pang'ono, mpaka aoneke ngati zigamba 5 kapena 7. Zigaweni patatu: zowala, zapakati, zakuda. Mtundu mutha kusintha mmene mukufunira, koma mukasokoneza kuwala ndi mdima munthuyo asowa.

Matopewo amabwera chifukwa chobwerezabwereza mpeni wopakira pa utoto wauwisi. Sakanizirani pathabwa, mitundu isapitirire itatu, pakani kamodzi, pukutani mpeni. Chikalakwika, palani. Wojambula wina, Frank Auerbach, ku London ankapala ntchito ya tsiku lonse n'kuyambiranso. Musatsekenso malire onse. Siyani kamzere ka mtundu wapansi kazisuzumira pakati pa zigamba, chifukwa de Staël m'timizere totere ndi mmene ankapatsira zithunzi zake moyo, ndipo kwa ife ndiye pokoma penipeni.

Za kung'aluka: utoto wamafuta umayamba kuuma pamwamba, mkati mukadali mofewa. Mukapaka wopyapyala, wouma msanga, pamwamba pa wokhuthala wosauma, wapansiwo umasuntha ndipo wapamwamba umasweka. Choncho utoto woyamba kupaka muusungunule ndi turpentine (mankhwala osungunulira utoto), wotsatira uliwonse ukhale ndi mafuta a linseed (osakanizira utoto) ochulukirapo pang'ono. Osathira ambiri, utotowo ungachite makwinya. Utoto wokhuthala upakeni pathabwa kapena pachinsalu chokokedwa zolimba, ndipo vanishi adikire miyezi 6 kapena kuposerapo.