Kodi kuphiri la Zomba n'kwa azungu?

Achemwali ena a ku Chirimba anditumizira imelo. Akufuna kupita ndi ana kuphiri la Zomba sukulu akatsekera, koma bambo a kunyumba akukana. Akuti zokwera mapiri n'za azungu, ndipo iwo sangataye ndalama kukaona zotsalira za atsamunda. Ndiye akufunsa kuti apite kapena angozisiya.

Achemwali, pitani. Koma mundilole ndiyambe ndatulutsa zakukhosi, chifukwa mawu a alamu angawo ndinakula ndikuwamva pakhomo pathu pomwe.

Agogo anga aamuna anali mesenjala m'maofesi a boma ku Zomba nthawi ya atsamunda. Kabudula wa khaki, kumapazi kulibe nsapato, kalata m'manja. Kukayamba kutentha mu Okutobala, mabwana ankakwera kukapuma m'tinyumba tawo pamwamba pa phiri, ndipo agogo ndi amene ankatumidwa kukasiya makalata ndi katundu. Phirilo analikwera mpaka zidendene kuchita ming'alu. Koma mukawafunsa kuti pamwambapo pamaoneka bwanji, ankangoti, "Kumazizira." Basi. Wosenza katundu amayang'ana poponda, za malo okongola alibe nazo nthawi. Mayi anga anatengera zomwezo. Kwa iwo kuphiri umapita kokatola nkhuni kapena kokapemphera, kupanda apo mutu sukuyenda bwino. Nditawauza kuti ndikupita ku Zomba kukangoona malo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa ngati kuli maliro amene ndikuwabisira.

Choncho alamuwo ndikuwamvetsa. Zomba linalidi likulu la atsamunda kuyambira nthawi ya Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, mu 1891, ndipo linakhalabe likulu la dziko mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe. Aphungu okha anapitirizabe kukumana komweko mpaka m'ma 1990. Azungu anakondako chifukwa cha mphepo yozizira ndi madzi a mtsinje wa Mulunguzi. Nyumba yomwe lero ndi Hotel Masongola inamangidwa mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain. Mitengo ya paini pamwambapo inachita kudzalidwa, nsomba za trout zinachita kubwera nazo kuti abwana aziwedza Loweruka ngati kwawo. Zonsezi n'zoona.

Koma phirilo analipeza. Sanabwere nalo pasitima.

Ndipo zonena kuti sitingapiteko chifukwa cha mayina a chitsamunda, ine zimandiseketsa. Tikukhala mumzinda womwe dzina lake linachokera ku Blantyre ya ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Mwezi ukatha, alamuwo amakana kufola pabanki mu Victoria Avenue chifukwa choti Victoria anali mfumukazi ya azungu? Pamwamba pa phiri pali Queen's View, pomwe mayi ake a Mfumukazi Elizabeth anaimapo mu 1957. Chapafupi pali Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965, yemwe uja ali ndi msewu wake m'tauni muno. Ameneyonso ndi mtsamunda? Anthu awiriwa anangoima pang'ono, kuyang'ana, n'kubwerera kwawo. Ukaima pamenepo kunja kutayera, umaona nyanja ya Chilwa ikunyezimira, mapiri a Mulanje patali, ndi midzi ya anthu athu ili mbwee m'munsimo. Mwana wa ku Chirimba ali ndi ufulu woona zimenezo kuposa mlendo aliyense.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti maganizo amenewa tawapatsira mpaka alonda. Tsiku lina pageti la malo ena ogona alendo kuphiriko, omwe sindiwatchula, azungu awiri ovala makabudula anadutsa mlonda n'kuwachitira sawasha. Ine, ndi shati yosita bwinobwino, anandiimitsa: "Mukufuna ndani, bambo?" Ndinati ndikufuna tiyi. Sindimudzudzula kwambiri mnyamatayo. Ngati Amalawi amene amawaona akulowa pagetipo ndi obweretsa matimati ndi ochapa mabulangete okha, aganiza chiyani? Tikamakhala pansi n'kumati n'za azungu, tikumuphunzitsa ndife.

Nanga mitengo! Apa ndiye ndimalephera kudzigwira. Mbali zina za phirilo zangotsala zitsa zokhazokha, chilimwe chilichonse moto, ndipo mumsewu mumakumana ndi njinga zolemedwa ndi nkhuni ndi matabwa zikutsetsereka. Ife a ku Blantyre tilibe pakamwa podzudzula, poti magetsi akazima mbaula timakoleza tonse. Yang'anani phiri la Ndirande momwe linametekera mpala. Yang'anani Soche, ndipo mukumbukire zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023. Madzi omwe mzinda wa Zomba umamwa amachokera mudamu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Munthu amene sanaimepo m'mbali mwa damulo sangamve kuwawa akauzidwa kuti nkhalango ikutha. Ana anuwo akaone pamene mitengo ina ikadalipo.

Podutsa pa Namadzi muwauzenso anawo kuti Magomero ili chakufupi. N'komwe anthu a John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915 atatopa ndi thangata m'minda ya A. L. Bruce. Alamuwo ngati akufunadi kuti ana adziwe zomwe atsamunda anachita, ulendo wake ndi womwewu. Kutsika ku Zomba mukawaonetsenso chipilala cha asilikali a King's African Rifles, azigogo athu omwe anafera nkhondo za eni.

Kayendedwe

Kwerani minibasi ku Limbe m'mamawa. Ndi makilomita pafupifupi 65 pamsewu wa M3, kudutsa Namadzi ndi Thondwe. Mukafika m'tauni chitani hayala galimoto yokwera nayo phiri, mugwirizane mtengo musanakwere komanso nthawi yodzakutengani. Njira yapansi ilipo, ya Potato Path, koma ndi ana aang'ono ayi. Pamwamba m'patali mamita oposa 2,000 malo ena, ndiye majuzi musasiye, makamaka Juni ndi Julayi pomwe chiperoni chimatha kuphimba chilichonse. Tengani wokulondolerani pafupi ndi hotelo ya Ku Chawe, akakuonetseni mathithi a Williams ndi Mandala. Ku Chingwe's Hole n'kutali ndipo dzenjelo n'lakuya, anthu amati kale ankaponyamo anthu, choncho ana muwagwire dzanja. Kamba phikani kunyumba, ndalama musungire masitiroberi ndi mabulosi omwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo musawanenerere mpaka kuwaliza. Tsikani dzuwa likadalipo.

Alamuwo akakanabe, asiyireni ndiwo m'poto, inu ndi ana nyamukani.