Mwana wanu si wopulupudza chabe, koma soketi ndi bleach sizosewera nazo

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anapeza mwana wawo wa zaka 10 akulowetsa msomali mu soketi ya magetsi, ndipo tsiku lina anathira mankhwala otsukira chimbudzi mu bleach kuti aone chomwe chichitike. Bambo ake akuti amuleke, ana onse amatero. Mayiwo akufunsa: amukwapule, kapena angomuyang'ana?

Mayi, njira ziwiri zonsezo ine sindikugwirizana nazo.

Mbali ina bambo akunena zoona. Ambirife tinanyambitapo batire kuti timve kuyabwa kwake pa lilime, tinayatsapo pepala ndi galasi padzuwa, ena tinaphwasula wailesi pofuna kuona anthu oyankhulawo ali pati. Ndi chidwi chimenecho, ndipo ine ndimachikonda mwa mwana. Koma mwambi uja woti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha sugwira ntchito apa, chifukwa zomwe mwana wanu wasankhazi zimatha kupha ulendo woyamba womwewo.

Batire lija tinkanyambita ndi la ma volt 9. Mu soketi, m'mayiko ambiri, muli ma volt 230. Chomwe chimapha si kupsa kwa chala. Magetsi akadutsa pachifuwa amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo amaumitsa minofu ya dzanja moti mwana amalephera kusiya chomwe wagwira. Manja akakhala onyowa zimaopsa kwambiri. Mukadzamupeza wagwidwa, musamukoke ndi manja anu. Thamangirani kukazimitsa pa switchi yaikulu.

Za bleach ndi zomwe zandiopsa koposa, chifukwa makolo ambiri sadziwa. Mankhwala ambiri otsukira chimbudzi ali ndi asidi, ndipo bleach akakumana ndi asidi, ngakhale viniga, amatulutsa mpweya wa chlorine. Mpweya umenewu ndi womwe asilikali a Germany anauthira pa adani awo ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Umatentha maso, mmero ndi mapapo. Tsono ganizani mwana ali m'kachipinda kosambira, wadzitsekera chitseko kuti musamuone. Zikadzachitikanso, mutulutseni panja, tsegulani mawindo, ndipo ngati akutsokomola kapena kubanika, pitani naye kuchipatala msanga.

Kudzitsekera kumeneko n'komwe kukundichititsa kukana chikoti. Mwana wokwapulidwa saleka kuyesa, amangoyamba kubisa. Ku Michigan, ku America, mnyamata wina dzina lake David Hahn ankasonkhanitsa zinthu zotulutsa radiation, mphamvu yosaoneka yowononga thupi, kuchokera m'tizipangizo tochenjeza za utsi ndi m'nyale, n'kumayesa kupanga chipangizo cha nyukiliya m'kashedi kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Mu 1995 boma linachita kubwera kudzagumula kashediko. Nzeru anali nazo, koma analibe wamkulu woima pambali pake.

Chomwe mungachite ndi ichi. Khalani naye pansi, mumuuze zifukwa zenizeni monga ndakuuziranimu, osati kungoti "usagwire". Mwana wa zaka 10 amamva. Mugwirizane zinthu zochepa zoletsedwa zivute zitani: soketi ndi mawaya a m'nyumba, kusakaniza mankhwala otsukira, kuponya chitini cha sipuleyi pamoto, kuboola batire la foni. Ndipo ngati muli ndi wamng'ono, bisani timabatire tozungulira ta m'mawotchi. Akameza, timatha kutentha kummero m'maola awiri okha.

Zina zonse muloleni, koma pamaso panu. Mugulireni mabatire a tochi, kababu ndi waya, apange nyali yake. Asakanize soda wophikira ndi viniga m'kapu yosatseka, panja, aone thovu la carbon dioxide likusefukira; m'botolo lotseka ayi, limaphulika. Bambo ake poti akuti nawonso anachitapo, akhale iwowo womuthandiza, ndipo mankhwala otsukira mwawaike pamwamba lero lomwe.