Za amayi, kuyenda ndi zonyamula zija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu loti, poti kuchipatala apeza kuti amayi BP yakwera, shuga wayamba kukwera, mafuta m'magazi achuluka, kodi kuyenda m'mawa kokha n'kokwanira, kapena zonyamulanyamula zija zingawapweteke munthu wa zaka 67. Ndiyankhira pagulu pompano kuti achimwene amvenso, poti ndi iwo akuletsa.

Zimene apezazi zimayendera limodzi, madokotala amati metabolic syndrome. Amayang'ana zinthu 5, munthu akakhala ndi 3 basi ali nayo: BP yofika 130/85, shuga wa m'mawa asanadye wofika 5.6, mafuta ena okwera, mafuta abwino a m'magazi otsika, komanso kunenepa pamimba. Kwa munthu wamkazi, m'chiuno mukafika masentimita 80 mwayamba kale kudandaulitsa.

Kuyendako asasiye ayi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2020 anati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiye tingoti mphindi 30 masiku 5. Komatu kuyenda kwa ndawala, osati kuja kwa amayi koima pakhomo lililonse kufunsa za odwala, mukuwadziwa inu. Aziyenda moti kulankhula akutha koma nyimbo ya kwaya ikuwakanika.

Tsono nkhani yagona pa minofu. Tikadya nsima, shuga wambiri amakalowa m'minofu, makamaka ya m'miyendo ndi m'matako poti ndiyo ikuluikulu. Munthu akamakalamba minofu ija imanka nichepa, ndiye shuga amasowa kolowera, amangozungulira m'magazi. Kuyenda kumathandiza mtima ndi BP, kumachepetsanso mimba, koma sikubwezeretsa minofu kwenikweni. Ku Louisiana, ku America, anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2010, anthu a shuga 262, kwa miyezi 9. Ena ankangoyenda, ena ankangonyamula, ena zonse ziwiri. Gulu la zonse ziwiri ndi limene shuga wake anatsika mooneka bwino. Ndiye achimwene, pepanitu, pamenepa sindikugwirizana nanu. Ndipo musati amalima kale. Khasu ndi la dzinja, nanga akakolola mpaka mvula idzagwe?

Sitikunena zitsulo za anyamata a ku jimu. Akhale pampando wolimba, adzuke osagwira paliponse, akhalenso pang'onopang'ono. Ayime moyang'ana khoma, aikepo manja n'kumadzikankha. Atenge mabotolo awiri a madzi a lita imodzi, azikweza ndi kutsitsa. Chilichonse ka 8 mpaka 12, apume, abwerezenso. Masiku 2 pa sabata, osatsatizana, mwina Lachiwiri ndi Lachisanu. Zikayamba kupepuka asinthe, atenge a malita 2. Awonjezerepo kuima ndi mwendo umodzi atagwira tebulo, masiku 3 pa sabata, kuti asamagwe chisawawa.

Chimene ndikuopa ine n'chakuti anthu ponyamula amagwira mpweya, ndipo pamenepo BP imakwera mwadzidzidzi. Azitulutsa mpweya pokweza, kaya aziwerenga mokweza mawu, zimathandiza. Asayende ndi mapatapata, avale nsapato zotseka, madzulo aziyang'ana kuphazi ngati kuli kachilonda. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosazolowereka, asiye pomwepo mupite nawo kuchipatala, osadikira tsiku la kiliniki.

Eya, china ndi mankhwala a shuga. Ngati awapatsa metformin yekha, shuga satsika mopitirira muyeso ndi masewerawa. Koma ngati pali glibenclamide kapena jakisoni wa insulin, asatuluke asanadye, ndipo azitenga masiwiti pachitenje, akayamba kunjenjemera ndi thukuta adye msanga. Mukapita ku kiliniki mwezi uno muwauze adokotala kuti ayamba zimenezi. Achemwali, mujambule tsamba la m'buku lawo lachipatala lija munditumizire ku inbox, ndione zimene akumwa.